Mapazi Pakhonde la Sukulu ya Mkaka

Nzeru zina zimaoneka zabwino mpaka zitakuluma mwiniwake. Aphunzitsi a pasukulu ya mkaka ankaphunzitsa tiana tawo za nyama zoyenda usiku: kadzidzi, mleme, khoswe, chule. Zithunzi zokha tiana tinkangoyasamula nazo. Ndiye masana ena anatitulutsa, n'kusefa nato mchenga pakhonde ponse, kusalaza ndi thabwa kuti see! Pakati anawazapo nyenyeswa za buledi.

"Chilichonse chodutsa pano ife tili m'tulo chisiya mapazi," anatero. "Mawa tidzachigwira."

Chimene tiana sitinkadziwa n'chakuti aphunzitsiwo ankagona m'kalasi momwemo. Chiwathamangitsireni amuna awo, analibe kolowera. Onse akaweruka ankadzikhomera, kusolola bulangete kuseri kwa kabati, n'kugona patimatiresi ta ana osayatsa ndi getsi lomwe. Kusowa wolankhula naye kunkawapweteka kuposa kuzizira kwa simenti. Ndipo eni sukulu, mayi wosaseka ndi munthu, akanangomva, ntchito ndi pogona zikanathera limodzi.

M'bandakucha anatuluka kukataya madzi tulo tili m'maso, za mchenga ataiwaliratu. Anadzakumbuka atamva phokoso la tiana pakhonde.

"Aphunzitsi! Tagwira chachikulu!"

Timapazi ta khoswe tinalipo ndithu, koma ndani akanataya nato nthawi? Pakati penipeni panali mapazi a munthu wopanda nsapato, otuluka m'kalasi ndi obwereramo.

"Ndi mkango!" anakuwa wina.

"Iwe, mkango ungatsegule chitseko?" anamuseka mnzake.

Phokosolo linakoka eni sukulu. Anayang'ana mchenga, anayang'ana chitseko, kenako maso anatsikira kumapazi a aphunzitsi.

Kamtsikana kena kagweru kanakoka siketi ya aphunzitsi. "Aphunzitsi, bwanji chikuyenda chokha? Chilibe amayi ake?"

"Zina zimayenda zokha, mwanawe."

"Sichiopa mdima?"

"Chimaopa."

"Ndiye lero tichiikire buledi wambiri."

Eni sukulu anayandikira n'kutsitsa mawu. "Aphunzitsi, ana akaweruka mundipeze ku ofesi. Mubwere ndi makiyi."

"Ndamva, mayi."

Koma phunziro linali lisanathe, ndipo tiana tinkadikira. Aphunzitsi anagwada pambali pa phazi lawo lomwe, misozi ikulengeza m'maso.

"Tiyeni tiwerenge zala," anatero.

Tiana tinayamba kuwerenga mokweza, mosangalala.