Dengu la agogo Nunzia

"Chitseko ichi musatsegulire munthu," anatero mayi Imma uku akuvala nsapato. "Makamaka apongozi anga apamwambapa. Akagogoda, inu mwagontha. Mwana wanga Melina adye karoti ndasiyayu basi."

Eriselda anavomera. Kwawo kunali ku Albania, ku Napoli kuno anabwerera sukulu ya unamwino, ndipo kwa miyezi iwiri anali atatha nsapato kusaka ganyu yolera ana. Kwina ankati Chitaliyana chake n'chokhota, kwina ankati nayenso akadali mwana. Limeneli linali tsiku lomuyesa. Kulephera apa, ndiye kuti mwezi wotsatira anyamule chikwama, sukulu ithere panjira.

Apongoziwo sanagogode ayi. Nkhalamba ya ku Napoli ingagogoderenji ili ndi chingwe? Eriselda akusewera ndi Melina pakhonde, anangoona dengu likutsika kuchokera pakhonde lapamwamba, lomwe apongoziwo, agogo Nunzia, ankakwezera buledi kuchokera mumsewu. Munali mbale ya makaroni, timibulu ta nyama tikusambira mumsuzi wa tomato.

"Mtsikana iwe," anatero agogowo atasuzumira, "mdzukulu wanga si mbuzi. Mpatse chakudya cha anthu."

"Agogo, amayi ake andiletsa."

"Akuletsa chitseko. Dengu analitchula?"

Eriselda anaima mbale ili m'manja. Kumpatsa mwana, ntchito yatha. Kuibweza yodzaza, nkhalamba itsika kudzaswa chitseko. M'mimba mwake namo munali khofi wam'mawa yekha, ndipo fungo lija, abale, likanadzutsa ndi wodwala yemwe. Anamukhazika Melina ndi karoti wake, iye n'kukabisala kukhitchini. Anadya zonse, n'kupukuta mbale ndi buledi mpaka kuwala. Kenaka anaibweza m'dengu.

Dengu litangokwera, mawu a agogo anadzaza msewu wonse.

"Concetta mnansi wanga, tatuluka udzaone! Mwana wazaka zitatu wamaliza mbale ya munthu wamkulu, mpaka kunyambita. Akumupha ndi njala m'nyumba umu."

Pomwe mayi Imma ankaweruka kuntchito, nkhani inali itawachingamira kale pakona. Wogulitsa nsomba anawauza, wometa anawonjezera mchere. Analowa m'nyumba maso ali psu, apongozi ali pambuyo pawo atanyamula mbale ija ngati chikho cha mpira.

"Maola atatu okha," anatero mayi Imma. "Ndakusiyirani lamulo limodzi, limodzi lokha, inu n'kundivula pamsewu wonse?"

"Mwanayu sanalawe n'komwe. Ndadya ndine, zonse."

Agogo anatembenukira kwa Eriselda.

"Iwe? Nyama ndayamba kuumba mbandakucha, yalowa mwa iwe?"

"Ndiye anthu akunditcha wakupha mwana chifukwa cha mimba yanu?" anatero mayi Imma.

Apa mkwiyo wa Eriselda wa miyezi iwiri unasefukira.

"Ine ndinabwera kudzalera mwana. Wadya karoti wanu, wagona, ndamuluka tsitsi, sanalire ngakhale kamodzi. Ndani mwa inu wafunsako za iyeyu chilowereni muno? Palibe. Inu simufuna wolera mwana, mufuna mlonda woima pakati pa agalu awiri olimbirana fupa. Fupalo ndi ili lakhala apali, likukumverani."

Melina anali atagwira siketi ya Eriselda, maso ali mwazumwazu.

"Tengani chikwama chanu," anatero mayi Imma. "Mawa musabwere."

Eriselda anatsika masitepe akupukuta misozi, akutukwana m'chinenero chakwawo kuti Mulungu yekha amve. Atangoponda mumsewu, china chinamugunda pamutu. Dengu lija, agogo atabwerera kale pakhonde pawo. Munali buledi wong'amba pakati, nyama ili mkati, ndi kapepala kolembedwa nambala ya nyumba.

"Mwandichotsetsa ntchito, tsopano mukufuna mundiswenso mutu?"

"Khala chete, pakamwa ngati lumo. Mwana wanga Rosaria ali ndi mapasa, akusowa womuthandiza masana. Ndamuimbira kale. Lolemba, 2 koloko. Ndamuuza kuti ndiwe wamwano koma sutaya chakudya."

Eriselda anafuna kuwaponyera bulediyo kumaso. Koma khonde linali patali, ndipo kapepala kanali pafupi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Pamwamba pa nyumbayo amakhala ndani?"

"Apongozi ake. Mfiti yeniyeni, imangokhuthulira ana mafuta m'mimba. Chitseko usakaitsegulire, wamva?"

"Dengu ali nalo?"

"Lalikulu kuposa ili."

Eriselda anapinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba. Analuma buledi mwaukali ngati akuluma munthu, msuzi n'kutsikira kuchigongono.

"Muwauze ndifika," anatero chakudya chili m'kamwa. "Ndikafika ndisanadye."