Mtedza Wopanda Mchere

1.
Khutu.

Khutu lamanzere, lothethuka kunsonga. Mevisi analiona ali pambuyo pa njinga ya kabaza, pakati penipeni pa nyanja ya Chilwa, pomwe panayenera kukhala madzi koma panali fumbi lokhalokha. Khutu limenelo ankalidziwa. Analipukutapo magazi ndi manja ake tsiku limene mbedza inalikola. Mwini khutuyo anali Fanuwelo, mwamuna wake, yemwe anamira pomwe mwana wawo Sungeni anali akadali wa kumsana. Mwanayo pano ali Sitandade 3.

2.
Ulendo unali wa anthu atatu. Tereza wa saluni, mkazi wa pakamwa posatseka. Asiyatu wogulitsa kaunjika, yemwe sadabwa ndi kanthu. Ndiye Mevisi, amene chinkhoswe chake ndi a Likaka, aphunzitsi ofatsa aja, chinali Loweruka linalo. Anzakewo anati tiye ukapitidwe mphepo usanalowe m'goli, nyanja yauma, anthu akufika pa kachilumba pa njinga, tikagone komweko tikabwere Lamulungu.

M'chikwama munali:
zitenje
mandasi
magalasi akuda a Tereza
mankhwala a udzudzu
chitini cha mtedza wokazinga chomwe apongozi ake a Mevisi analongedza

Tereza analawa mtedzawo ali mu minibasi, nkulavulira pawindo. Wopanda mchere! Agogo aja akukalamba eti?

3.
Sanaike munthu. Anaika nthochi.

Bwato la Fanuwelo analipeza litagadabuka m'mabango, iye ayi. Atafufuza mpaka kutopa, akuluakulu anadula thunthu la nthochi, monga amachitira mtembo ukasowa, nkulikulunga m'nsalu yoyera. Mevisi analilirira thunthulo mpaka mawu kutha. Anametedwa. Anavala zakuda. Apongozi ake, mayi a Fanuwelo, analibe mwana wina, ndiye Mevisi anawatengera kwawo ku Zomba, ndipo miyendo yawo itayamba kuvuta ankawasambitsa, kuwaphikira phala, kuwadula zikhadabo. Anthu ankati mpongozi ngati ameneyu ndi wosowa. Sankanama.

4.
Njinga ikupita ndipo iwe Mevisi wadzikulunga chitenje kumaso chifukwa cha fumbi, sakukuona, sakudziwa kuti wanyamula ndani, akupalasa pamwamba pa matope osweka ngati zidendene za m'chilimwe, kudutsa mabwato ogona chammbali ndi zigoba za nkhono, ndipo ukudziuza kuti makutu amafanana, asodzi onse anakolapo mbedza, uli ndi dzuwa m'mutu basi, koma thukuta la pakhosi pakelo ukulidziwa, ndipo msana uwu unautsamirapo, ndipo tsopano wayamba kuimba likhweru, nyimbo yomwe ija ya kwaya imene ankaiphonya pa malo omwewo, waiphonyanso, Mulungu wanga waiphonyanso

Anaika nthochi.

5.
Atafika pansi pa mlambe wa pachilumbapo, Mevisi anatsika nkuvundukula nkhope.

Bambo a Sungeni.

Njinga inagwa. Munthuyo sanathawe, sanakane, anangokhala pansi pafumbi ngati wamenyedwa ndi chibonga. Tereza, amene pamaliro paja ndiye ankagawa mapepala a nyimbo, anavula magalasi, nkuwavalanso, nkuwavulanso.  Asiyatu ndiye anapita nkumutsina munthuyo pamkono, mwamphamvu, mpaka anati mayo.

Ndi wamoyo, anatero Asiyatu. Galu ameneyu ndi wamoyo.

6.
Nkhani yake inali yaifupi, yochititsa manyazi. Anati bwato litagubuduka anamuvuula ndi asodzi a pachilumbapo, atamwa madzi osati masewera. Anadwala nthawi yaitali m'nyumba ya mayi wina wamasiye. Pomwe ankadzuka, anamva kuti kwawo anamuika kale, anthu anadya, anabalalika. Ndipo mayi womudwazikayo anali ataima.

Munthu woikidwa kale amabwerera bwanji, mayi a Sungeni?

Amabwerera ndi miyendo, bambo. Anthu amabwerera ndi miyendo.

Sanafunse za mwana. Mevisi anadikira, nkudikira, koma za mwana sanafunse. Chimenecho chinamuwawa kuposa mkazi winayo, ndipo chinamudabwitsanso, poti Fanuwelo ankamukonda mwana uja ngati diso lake.

7.
Chilumbacho chinali chokongola, tisanamizane. Miyala, milambe, akakowa ali mbuu. Palibe anajambula chithunzi ngakhale chimodzi.

Asiyatu anati nkhaniyi ithere pompano, taona ndife atatu, nyanja ikadzaza idzamukwiriranso, iwe kapange chinkhoswe chako. Tereza anati ayi, ukwati woyamba unali wa mutchalitchi, abusa akadzafunsa ngati pali choletsa iye adzayang'ana kuti? Anakangana mpaka mandasi anauma. Mevisi ankangoganiza za a Likaka, momwe anamufunsira mwamanyazi, momwe amamuthandizira Sungeni masamu pakhonde. Ankawafuna. Ankawafunadi, ndipo sanaganizepo kuti mtima wake ungadzafunenso munthu.

Wamasiye. Mkwatibwi. Mkazi wa mwini. Anayesa mayina onsewo ngati malaya a pakaunjika, palibe lomwe linamukwana.

8.
Lamulungu m'mawa Fanuwelo anabwera ndi njinga, maso pansi, ati awaperekeze. Mevisi anati bola kuyenda wapansi. Ankalongedza chikwama, ndipo chitini chija chinagubuduzika nkukaima pamapazi a munthuyo.

Anachitola. Anachitembenuza, nkuseka pang'ono ngati mwana, osaganiza.

Chitini cha amayi ichi. Chaka chino achedwa nacho.



Anatsegula, nkuponya mtedza mkamwa. Wopanda mchere. M'dziko lonse la Zomba munthu wodya mtedza wopanda mchere anali mmodzi, ndipo Mevisi anakhala naye m'nyumba, ndipo anaiwala, chifukwa za akufa munthu amaiwala. Pamenepo ndi pomwe anadziwa chifukwa chimene sanafunsire za mwana. Ankadziwa kale zonse, kalasi yake, mano amene anagweluka, zonse. Wina ankamutumizira nkhani pamodzi ndi chitini.

 Asiyatu, amene sadabwa ndi kanthu uja, anagwira kukamwa.

9.
Sabata yapitayo, ulendo usanachitike, pakhonde. Tereza ndi Asiyatu akukangana, uyu ati tipite ku Mulanje, uyu ati ku Liwonde. Mevisi wagwada, akupaka mafuta miyendo ya apongozi ake, imene yatupanso. Agogowo sakonda kulowerera nkhani za ana, koma lero alowerera.

Ku Mulanje kuli chiyani, miyala? Pitani ku Chilwa. Akuti nyanja yauma, anthu akufika pa kachilumba kaja pa njinga. Zoterezi munthu amaona kamodzi.

Amayi, kumene kuja? Kumene anamira bambo a Sungeni?

Komweko. Mukatsanzike bwino. Ndikukazingirani mtedza.

Atsikanawo akuti agogo ali ndi nzeru, ndipo nkhani yatha. Mevisi akugwira dzanja la apongozi ake mothokoza, misozi ili lengelenge, poti ndi apongozi angati amene angamumasule munthu chonchi? Agogowo akuligwira dzanja lakelo, akulifinya kwambiri, osalisiya. Akuyang'ana kumsewu kumene a Likaka amatulukira madzulo.

Mayi a Sungeni, akutero motsitsa mawu. Inu mukakwatiwa, ine adzandisambitsa ndani?