Mpango Umene Unabwerera ku Sheffield

Pa nyumba yosungira okalamba ya kumapeto kwa Wakefield, kuseri kwa mashedi a katundu, aliyense anali ndi mbiri yake, ndipo palibe amene ankaifunsa. Wina ankakumba malasha, wina ankayendetsa basi, koma tsopano onse ankadikira tiyi wa masana mofanana. A Cathy Brearcliffe a m'chipinda cha pakona anali phungu wa Nyumba ya Malamulo zaka zambirimbiri. Dailesi, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, anadziwira pa chithunzi cha pakhoma: mayi wojintcha ataimirira, chala m'mwamba, akukalipira anthu osaoneka. Koma mayi yemweyo, wongokhala pampando tsopano, ngakhale dzina la mwana wake linali litamuthawa.

Dailesi anali wa ku Ntcheu. Ankakhala yekha m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, ndipo sabata zina munthu yekhayo womugwira dzanja ankakhala a Cathy, iwonso akumuyesa wina wake wa kale. Iye sankadandaula. Kuyesedwa wina kunali bwino kusiyana ndi kusaonedwa n'komwe.

Tsiku lina kunabwera foni. Anthu a ku Tibet okhala m'mizinda ya kumpoto kuno ankapempha kudzathokoza a Cathy, chifukwa pa uphungu wawo wonse ankalankhulira dziko lawo la kumapiri lija, lolamulidwa ndi China, pamene ana ake ambiri anabalalikira m'maiko a eni. Mkulu wa panyumbapo anati chilolezo chili ndi Laura, mwana wa a Cathy wokhala ku Newcastle. Laura anakanitsitsa kwa mtu wagalu.

"Mayi anga amene anthuwo akufuna kulibenso," anatero atabwera kudzawaona. "Sindikufuna kuti munthu awaone ali chonchi."

Sizinali za Dailesi, koma pakamwa pake panamulaka. Anachonderera, nanena kuti munthu athokozedwe makutu akadali otseguka, osati pamanda. Laura anamuyang'ana nthawi yaitali, maso otopa. Pomaliza analola munthu mmodzi yekha, ndipo Dailesi akhale pomwepo. Mayi ake akangosokonezeka kapena kulira, basi, m'chipindamo simudzalowanso mlendo aliyense.

Monde, mnzake wa pantchito wa ku Zambia, anamuseka akupinda mashiti a pabedi. "Iwe, Tibet uidziwa ili kuti? Uzaluza job pa nkhani ya anthu amene suwadziwa na pa map." Dailesi anaseka nawo. Zoonadi, Tibet anachita kuifufuza pa foni ali m'basi.

Tsikulo linadza ndi mvula yawazawaza yosaleka ija, ndipo a Cathy anadzuka moipa. Phala anakana, supuni anaiponya pansi, juzi yabwino imene Dailesi anawasankhira anaivula kawiri konse. Pofika masana anali atangokhala duu pawindo, akuyang'ana galimoto zonyowa.

Mlendoyo anali a Jampa, bambo wamfupi waimvi, wokolopa m'matramu, sitima za mumzinda, ku Sheffield. Anabwera pa sitima, jekete lonyowa, akukumbatira kachikwama pachifuwa. Ali m'khonde anafotokozera Dailesi motsitsa mawu kuti mkulu wawo wa bere limodzi anamangidwa kwawo kalekale, ndipo a Cathy ankaimirira m'Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka kutchula dzina lake, aphungu anzawo akuyasamula.

"Anatuluka?" anafunsa Dailesi.

"Ayi, anafera momwemo. Koma dzina lake silinafere m'ndende."

Dailesi anawachenjeza kuti mayiwo lero sali bwino, asayembekezere zambiri. A Jampa anangogwedeza mutu. Atalowa anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa mpango woyera wa silika, wautali, wopyapyala, umene kwawo amapereka polemekeza munthu. Anauyala pa manja onse awiri, nawerama pamaso pa mpando wa a Cathy.

A Cathy anayang'ana mpangowo, kenako bamboyo, kenako mpangowo. Dailesi anaima kumbuyo kwa mpando. Manja a mayiwo anadzuka pang'onopang'ono n'kuutenga mpango uja. Ndiyeno, m'malo mousunga, anaukweza n'kuukoleka m'khosi mwa mwini wake.

Dailesi anachita manyazi mpaka kumapazi. Kwawo kubweza mphatso n'kumenya munthu mbama pagulu. Mayi ake ndi azakhali ake anatha zaka osapatsana moni chifukwa cha chitenje chimodzi chimene chinabwezedwa pa chinkhoswe. Ndiye bambo wamkulu chonchi, wachoka ku Sheffield mvula ili pamsana, abwezeredwe mphatso iye akuona? Anathamangira kutsogolo, manja ali kale pa mpangowo kuti auvule.

"Pepani bambo, pepani kwambiri. Sakudziwa chimene akuchita."

A Jampa anamugwira pamkono mofatsa. Misozi inali ikutsika, koma nkhope yonse ikuseka.

"Musauchotse, mwana wanga. Akudziwa. Kwathu wamkulu ukamupatsa mpango, akakulandira ndi mtima wonse amakuveka iweyo. Amenewa ndi madalitso."

Dailesi anabweza manja ake, osadziwa kowaika. A Cathy sanamuone n'komwe. Anakoka mutu wa a Jampa mpaka mphumi zawo zinagundana, monga achitira anthu a kumeneko, nanena moni wa Chitibeti, "Tashi delek," ndi mawu okhuthala, omveka, a mayi wa pa chithunzi uja. Dailesi anali asanawamvepo mawu amenewo. Anakhala choncho kanthawi, mphumi pa mphumi.

Mlendo ndi mame. Posakhalitsa maso a a Cathy anabwerera pawindo, ndipo a Jampa anadziwa okha kuti nthawi yakwana. Anapinda nsonga za mpangowo kulowetsa m'jekete kuti mvula isaukhudze, nathokoza Dailesi ndi manja awiri, n'kutsika kukakwera sitima yawo. Dailesi anafuna kuti auzeko wina zimene waona, koma Monde anali kusambitsa munthu kumtunda, ndipo ena onse anali ndi zawo. Anangopita kukatenga tiyi.

Pobwera anapeza a Cathy akulira, mwakachetechete, misozi ikungodontha pa juzi. Anagwada pambali pawo n'kuwagwira dzanja.

"Ndinali ndi anzanga a ku Tibet, ukudziwa," anatero a Cathy. "Anthu abwino zedi. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amabwera kudzandiona."

"Anabwera, mayi. Angochoka kumene."

"Ayi. Palibe amene amabwera."

Dailesi anaunguzaunguza m'chipindamo kufuna choti awaonetse. Munalibe. Mphatso yonse inali itabwerera ku Sheffield m'khosi mwa mwini wake, ndipo pansi panatsala timadontho ta madzi a nsapato zawo basi. Chisoni chinamugwira, chisoni cha a Cathy ndi chake chomwe, pakuti chinthu chachikulu chonchi chinali chitatsala m'mutu mwa iye yekha.

Foni ya m'khonde inalira. Anali Laura, ndipo sanazungulire.

"Asokonezeka? Alira?"

Bodza linali pafupi, lophweka, ndipo palibe akanalitulukira. Koma Dailesi ankawamva a Cathy akufwenthera kuseri kwa chitseko.

"Akulira panopa," anayankha.

"Ndiye ndinanenatu ine."

"Sakulira chifukwa kunabwera munthu, mayi Laura. Akulira chifukwa akuti sikubwera anthu."

Ndipo anafotokoza zonse, za mpango, za mphumi, za moni uja ndi mawu amene anaunenera.

"Bamboyo abwerenso akafuna," anatero Laura pomaliza. Kenako mawu ake anachepa ngati a kamwana. "Nanga nthawi imeneyo, mutu wawo utabwerera choncho, ine anandifunsako?"

Dailesi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anaima m'khondemo foni ili kukhutu, ndipo Laura anadikira, nadikirabe, mpaka anamva yekha yankho lake.