Maikolofoni Pawindo

Mai Wailesi anapeza chitseko cha situdiyo chili ndi loko watsopano, kiyi ali m'thumba mwa manijala. Manijalayo anali mwana wa mchimwene wawo, yemwe anamulera okha mpaka kukoleji. Masiku amenewa ankavala taye ngakhale kutenthe bwanji.

Anawatsegulira, n'kuwauza kuti kuyambira tsikulo munthu wakunja sadzalowanso mu situdiyo. Wofuna kulankhula aziimba foni, ndipo foniyo aziyamba waimva ndi iyeyo. Chifukwa chake sanabise. Mwini fakitale ya zikopa anadandaula kuti pulogalamu ya m'mawa ikumuipitsira mbiri, ndipo ndi yemweyo ankathira mafuta mu jenereta ya wailesi. Wophwanya lamuloli, ntchito yatha.

Mai Wailesi zinawawawa. Wailesiyi anaiyamba ndi anzawo m'kachipinda kosungiramo makasu, mlongoti wake uli paipi yakale yomangirira kumtengo. Inkangomveka makomo ochepa. Koma chiyambire mwambo unali umodzi: amene alibe foni abwere yekha, akhale pampando, anene zake. Mbuzi zotayika zinapezeka choncho, ana osochera nawonso, ngakhale amuna ena othawa mabanja.

Pulogalamu ili m'kati, anaona pawindo mayi wina wobereka mwana ataima panja, botolo lili m'manja. Anali wochapa zovala kumtsinje, kumunsi kwa fakitale ija. Mlonda anali atamubweza pakhomo, koma iye sanachoke. Madzi a m'botolomo anali ngati tiyi wopanda mkaka.

Mtima wa Mai Wailesi unawira. Anaika nyimbo, n'kutenga chingwe chachitali chimene ankagwiritsa ntchito makwaya akabwera. Analumikiza maikolofoni, anatsegula windo, n'kuitulutsira panja.

Manijala anasuzumira pakhomo.

"Azakhali, tinagwirizana chiyani?"

"Unati asalowe, bwana manijala. Ukumuona m'kati muno?"

Manijala anathamangira kuseri kwa galasi, kumene kuli mabatani oyendetsera wailesi. Mai Wailesi anadula nyimbo pakati, n'kuuza omvera kuti ali ndi mlendo, ndipo mlendoyo waima pawindo chifukwa chitseko chamukana.

Mayiyo anayamba kufotokoza. Anati nsomba zatha mumtsinje ndipo manja ake asupuka. Mwana wake watuluka zilonda thupi lonse chisambireni madziwo. Atapita kukadandaula kufakitale anamuthamangitsa ndi agalu. Atangotchula mwini fakitale, kanyali kofiira kosonyeza kuti mawu akumveka pawailesi kanazima. Manijala anali atadina batani, ndipo m'mawailesi a anthu munalowa nyimbo yovina.

Mai Wailesi anakaona kanyaliko, koma sanamudule mayiyo. Anagwirabe maikolofoni yakufayo, mkono uli kunja kwa windo, mpaka iye anamaliza zonse. Kenako anamuuza chilungamo, kuti theka la mawu akewo lamvedwa ndi mlonda yekha ndi anthu ochepa amene anaima pamsewu.

Manijala analowa thukuta lili kamukamu. Anati mwini fakitale waimba kale foni. Jenereta ikaima, wailesi yonse ifa, ntchito ya manja awo omwe. Anawapempha kuti abwerere pampando, apepese pang'ono chabe, zina zonse akonza yekha. Sankalankhula mwachipongwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinawamvetsa chisoni kwambiri.

"Azakhali, ndimvetseni. Ine ndili ndi ana."

"Nayenso ali naye. Ndi uyo ali kumbuyoyo, tamuyang'ana miyendo."

Manijala sanayang'ane. Mai Wailesi anapinda chingwe bwinobwino, n'kuchikoleka pamsomali pake. Anamuuza kuti mpando autenge, apezepo munthu wodziwa kupepesa. Anatenga chikwama chawo n'kutuluka.

Panja anapeza mayi uja akukonza nsalu yoberekera mwana, wakonzeka kubwerera kumtsinje. Anamulandira botolo, n'kumugwira mkono.

"Ambiri sanakumveni, mayi. Tiyeni kumsika, kumeneko kulibe batani."