Nangula wa Mkamwini

"Mutembenuzenso," anatero a Ndevu, thukuta likuchucha.

Mng'ono wawo anagwira mbali ina, n'kumugubuduza nangulayo pa matabwa a kutsogolo kwa boti. Zala ziwiri zinagona, koma chachitatu chinaloza kumwamba ngati nyanga. Atamutembenuzira kwina, china chinasuzumira kunja kwa boti. Nangula ameneyu anali ndi zala zisanu zosiyana kutalika, ndipo mphete yomangapo chingwe inali cha pambali.

"Achimwene, iyi ndi nkhanu," anatero mng'ono wawoyo. "Tingoipatsa mpando ikhale pamodzi ndi anthu okwera."

"Seka, poti mwendo wang'ambika ndi wanga."

Nangula wawo wakale ankagona pamenepa mwakachetechete chigulireni botilo. Mkamwini wawo, wowotcherera zitsulo, anamutenga osapempha, akuti akamuchotse dzimbiri. Anakamuduladula, n'kuwonjezera zitsulo za bedi, n'kubwera ndi chinthu ichi atachipaka penti yofiira. Ati mphatso.

Anayesa kumulowetsa m'tayala lakale, zala zinakana. Anamukulunga chiguduli, chiguduli chinabooka. Anamumanga ndi chingwe ku thabwa lopingasa, mfundo pamwamba pa mfundo, koma mng'ono wawo atagwedeza boti pang'ono, nangula anapendekeka n'kutsetsereka mpaka poponda anthu.

"Waona? Tsiku la mafunde chidzaboola mwana wa munthu, wopalamula ndidzakhale ine. Chikomekome cha mkuyu! Penti psuu, nzeru palibe. Bweretsa sowo yodulira zitsulo."

Atangoika sowo pa chala chachitali chija, akazi awo anatulukira padoko, mtanga uli m'manja.

"Abambo, mukudula chiyani?"

"Chimene mukuchionachi."

"Mwini wake akubwera kudzaona mmene wakhalira. Wauza kale anzake onse kuti apongozi ake akuyendera nangula wa manja ake."

"Mwini wake ndi iyeyo? Nangula wanga anadula ndani? Anandipempha? Boti langa, thukuta langa, lero ndiziopa munthu woti ngakhale kupalasa sadziwa?"

Mayiwo anatula mtanga, n'kutsitsa mawu.

"Mukumudziwa. Akachita manyazi kunja, amakaphulikira mwana wanu kunyumba. Mwanayo wangobwererako kumene, ndipo ndi wodwala uja. Mukufuna abwerenso ndi zikwama?"

"Ndiye iye alakwe, wopepesa ndikhale ine?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wake wanga wokhawu! Dziko lonse nkhonya zake zimadziwa njira ya kuno."

Mng'ono wawo anayamba kupinda chingwe chopindapinda kale. A Ndevu anayang'ana chala chachitsulo chija, sowo itangokanda penti. Analavula m'madzi, n'kuponya sowoyo m'bokosi.

"Ndipatse sowo ya matabwa. Ndi tchizulo."

"Achimwene, mukufuna kuboola boti?"

"Ndati ndipatse."

Thabwa la pamwamba kutsogoloko analikhoma okha, analipala okha, ndipo sankalola munthu kulipondapo ndi nsapato. Analemba ndi msomali pamene chala chachitali chinkafika, n'kuyamba kusema. Zipalamatabwa zinkagwera m'madzi. Bowo litatheka, analowetsamo chalacho mpaka chinabisala, zinazo zinagona. Anakhoma timatabwa tiwiri m'mbali kuti asasunthe, anaveka zala zotsalazo zidutswa za paipi, n'kumanga chingwe mopingasa kudutsa m'mphete. Mng'ono wawo anagwedeza boti ndi mphamvu zake zonse. Nangula anangoti phee.

Ndi pamene mkamwini anafika, magalasi owotcherera ali pamphumi, akumwetulira.

"Bambo, mwaswera bwanji? Eee, taonani mmene wakhalira! Ngati anabadwira pomwepo. Ndinkadziwa ine, diso langa silinama."

A Ndevu anatsegula pakamwa. Akazi awo anatsokomola.

"Wakhala," anatero a Ndevu.

Mkamwini anayenda mpaka kumbuyo kwa boti, n'kugogoda chiwongolero ndi chala.

"Ichinso chatha ntchito, bambo. Nanga chopyapyala chonchi? Mawa ndidzachitenga, ndikachikonze chikhale chamakono. Musavutike n'kuthokoza, ndife amodzi."

Anatsanzika, nanyamuka akuimba mluzu.

A Ndevu anadikira mpaka atakhota. Kenako anatenga sipanala, anamasula chiwongolero, n'kuchisenza paphewa.

"Nanga chimenecho mukupita nacho kuti?" anafunsa akazi awo.

"Kunsi kwa bedi. Akabwera mumuuze kuti chagwera m'madzi."