Nkhope ya Dainess pa Kalendala

Aka kanali kachinayi Bonifasi kutsamiritsa njinga pakhoma la ofesi ya kampani ya mafuta ophikira m'tauni ya Chipata. Mawondo anali atatopa, mtima ndiye osanena. Kalata yake inakhala miyezi isanu ndi inayi ku Halale, ku likulu la kampaniyo, ndipo lero akuti yankho labwera.

Zinayamba ufulu utangobwera kumene. Mzungu wina wa kampaniyo anafika kumudzi ndi kamera n'kujambula Dainess, mkazi wa Bonifasi, atasenza dengu la mtedza, akuseka mano onse pamtunda. Kenaka anatulutsa pepala. Dainess anakayikira, koma Bonifasi, wodziwa zonse uja, anati, "Dinda chala iwe, si chithunzi chabe?" Anawapatsa kachitini ka mafuta, kanatha sabata yomweyo. Chaka chotsatira nkhope ya Dainess inali pa kalendala m'masitolo onse.

Dainess anamwalira chilimwe chatha. Bonifasi anali mkamwini, ndipo atameta maliro ankayembekeza kuti amusudzule, abwerere kwawo ku Tamanda. Koma a Lazaro, malume ake a malemu, anakana.

"Zinthu zake zonse tasonkhanitsa, nsalu, mikanda, ndi chipeso chomwe," anatero a Lazaro. "Yatsala nkhope. Mwana wathu agona bwanji akusekerera anthu ogula mchere? Munaigulitsa ndinu. Kaitengeni, tikusudzuleni."

Munthu anayendatu. Ku msika wa Kapata analowa sitolo ndi sitolo kupempha makalendala. Ena anamupatsa mwachisoni, ena anamuseka. Anasonkhanitsa khumi ndi atatu. Chaka chitangotembenuka, taonani atsopano m'makoma momwemo, Dainess yemweyo, dengu lomwelo. Apa m'pamene analembetsa kalata ija, kupempha kuti aleke kumusindikiza.

Kalaliki wa pa ofesipo, Abel, anali munthu waulemu. Anamupatsa mpando, n'kufunyulula pepala la Chingerezi.

"Bambo, akuti chithunzicho ndi katundu wa kampani. Chimasungidwa ku Halale, makalendala amasindikiza konko, ndipo amapita ku Malawi ndi ku Joni komwe."

"Ku Joni? Dainess sanawolokepo ndi mtsinje wa Luangwa womwe!"

"N'zimene alemba, bambo."

"Nanga boma lathuli? Si tili pa ufulu ife?"

Abel anakanda kumutu. "Lamulo lathu limathera pa Zambezi. Kutsidyako ndi Rodeshiya, sitilankhulana nawo n'komwe. Ndiponso lamulo la nkhope ya munthu, ine sindinalimvepo."

Bonifasi mkwiyo unali utamuthera kalekale m'misewu, anangotsala ndi kutopa.

"Komatu pali mawu ena pansipa," anatero Abel, mawu akutsika. "Akuti angathe kuchichotsa ngati mwini wake apempha yekha. Adinde chala chomwe chija, kuti akafananitse ndi pepala limene ali nalo."

"Chala chomwe chija?"

"Inde, bambo."

"Munawauza kuti tinamuika m'manda?"

"Ndinalemba ndi dzanja langali. Pepani."

Bonifasi anapalasa pang'onopang'ono kubwerera kumudzi, pa zitunda ankangotsika n'kumakankha. Anawapeza a Lazaro kumunda wa malemu, akusosa, pakuti mvula inali pafupi.

"Mwabwera nayo?"

"Ayi, apongozi. Akufuna chala chake."

Anafotokoza zonse. Ankaganiza kuti mkuluyo akalipa, kapena amva chisoni n'kunena kuti basi, mwayesetsa, pitani kwanu. A Lazaro anayedzamira mpini nthawi yaitali, nawonso akuoneka otheratu. Analibe nkhanza m'maso. Kungoti mawu anali atawanena pamaso pa mbumba yonse, ndipo anawakhulupirira.

"Ndiye kuti sanagone," anatero. "Ndipo inu simungachoke."

Anamupatsa khasu lawo. "Yambirani cha kuchuluko, kwatsala kwambiri."

Bonifasi anagoneka njinga pansi, anapinda buluku, n'kuyamba kulima munda wa mkazi wake.