Bibu ya a Lettie

Ine ndine kochi wa timu ya mpira wa manja ku Nsungwi, koma ukochi wake ndi wa dzina basi. Mwini timu weniweni ndi a Lettie, omwetsa zigoli athu. Mayi amenewa anayamba kuponya mpira ine ndisanayambe n'sukulu yomwe. Anasewera m'matimu akuluakulu a makampani, kumalandira ndithu mwezi ukatha, ndipo atachoka kumeneko anabwera kwa ife. Ngakhale ineyo kugwira mpira anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndiye tandiuzani, munthu wotere mungamuuze bwanji kuti akakhale pabenchi?

Mu timu yathu bibu, kamalaya kosonyeza malo amene munthu akusewera, munthu wamkulu sitimuvula. Amavula yekha n'kumuveka amene wamusankha. Vuto n'lakuti a Lettie sankavula. Anzawo amene anayamba nawo ali kalikiliki ndi zidzukulu ndi Umanyano wa amayi kutchalitchi, iwo adakali pansi pa golo ndi imvi zawo.

Ligi ikamatha ankati, "Annette, ine mwina ndipume tsopano." Ife tonse pamodzi, "Aaa, Amayi, popanda inu timu yatha!" Ulemutu umenewo. Iwo ankangoti chabwino, chaka chinacho n'kutulukiranso ndi chikwama chawo. Kaponyedwe kawo kanali katasintha, mpira ankaukankha kuchokera pachifuwa m'malo mwa pamwamba pa mutu. Ife tinkati ndi sitayelo ya akale. Sitayelo yanji yomangogunda chitsulo!

Pabenchi panali Tisunge, mtsikana woti akaponya mpira sumva n'kulira kwa chitsulo komwe. Sukulu anamaliza, ntchito analibe, ndipo amalume ake amene ankamusunga anali atanena kuti mwezi ukatha abwerera kumudzi ku Dowa. Ndinayenda mpaka nsapato kutha kukachonderera a Gwanda, kochi wa timu ya kampani ina ku Kanengo yomwe imalemba ntchito osewera ake. Anavomera kudzamuona Loweruka. "Kamodzi kokha," anatero, "ndipo sindikhalitsa."

Lachisanu ndinapita kwa a Lettie nditakonzeka kulankhula. Nditakhala pampando ndinangoyamba kuzungulira.

"Amayi, mawatu dzuwa liwomba kwambiri."

"Ndinazolowera, mwana wanga."

"Anawa akukulatu, monga Tisunge uja."

"Eya, akukula bwino."

Za a Gwanda sindinatchule, kuopa angaganize kuti tikuwapitikitsa. Anandipatsa tiyi ndi mbatata, ndinamwa, ndinathokoza, ndinabwerera kunyumba ndikudzitukwana njira yonse.

Loweruka a Gwanda anafika, tinawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango. Masewera atayamba, a Lettie anaponya, mpira ngwe! pachitsulo. Anaponyanso, chimodzimodzi. Anyamata a kabaza amene ankaonera anayamba kukuwa kuti agogo apatsidwe ndodo. Ine mutu unali waukulu. Ndikayang'ana a Gwanda, akuyang'ana wotchi. Ndikayang'ana Tisunge, wakhala phee, zingwe za nsapato wamanga n'kumasula, kumanganso.

Pa nthawi yopuma ndinawapatsa a Lettie madzi n'kufunsa ngati atopa. "Ndipirira," anatero. Kupirira! Ndani anawapempha kuti apirire?

Gawo lomaliza litatsala pang'ono kuyamba mtima unandikwera. Ndinangomva mawu anga akutuluka, bwalo lonse likumva.

"Amayi, vulani bibuyo! Zakwana!"

Atsikana anagwira pakamwa. A Lettie anayenda pang'onopang'ono mpaka pomwe ndinaima, ine ndikudikira mbama. Koma iwo anawerama n'kunena motsitsa mawu.

"Undivule ndiwe. Mkonowu sukwera."

Ndinagwira phewa lawo lamanja. Linali lotupa, lotentha ngati mbaula, ndipo pansi pa malaya anali atalimanga ndi kansalu.

"Amayi! Zinayamba liti zimenezi?"

"Kalekale. M'mawa amandiveka ndi mdzukulu wanga."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimanenatu chaka chilichonse. Inu mumati popanda ine timu yatha. Ndiye ndikanakusiyani bwanji?"

Ndinapsa mtima, koma sindinadziwe woti ndimupsere. Ndinawavula bibu ija mosamala, iwo anailandira ndi dzanja lamanzere n'kumuveka Tisunge pamaso pa onse.

Abale, mwana uja anasewera. Mpira uliwonse umene anaugwira unalowa. A kabaza aja anasiya njinga zawo n'kumavina m'mbali mwa bwalo. Ine ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya a Gwanda.

Pampando panali mayi wogulitsa zitumbuwa, akupumitsa miyendo. Ndinathamangira komweko.

"Abambo anakhala apa aja ali kuti?"

"Anyamuka gawo lachitatu lisanathe. Amati aona zokwanira."

Wezulo yomaliza italira, Tisunge anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu, akumwetulira mano onse. A Lettie anali ataima pambali panga, mkono uli lende.

"Aunt Annette," anatero mwanayo, maso ali kumtengo wa mango, "andiona?"